Mwana wasankhidwira ku Box 2 koma ife si Akatolika, ndimutumize?

Funsoli lachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu, ndangolifupikitsa pang'ono: mwana wawo wamwamuna wa zaka 13 wakhoza sitandade 8 ndipo dzina lake latuluka ku Zomba Catholic Secondary School, imene anthu amaitcha Box 2. Iwo ndi a CCAP kuyambira agogo. Alongo awo akuti kumeneko akamutembenuza akhale wansembe, aneba akuti kuli tizingi yoopsa, bola amulipirire pulaiveti ya pafupi azigona pakhomo poti mwanayo sanagonepo kunja kwa nyumba. Akufunsa kuti sukuluyi ndi yotani kwenikweni.

Amayi, choyamba mulandire ulemu wanu, mwalera. Ana amene amalemba PSLCE, mayeso a sitandade 8, chaka chilichonse ndi ochuluka zedi ndipo malo ku ma nashonale ndi ochepetsetsa, ndiye ngati dzina la mwana wanu latuluka ku Box 2 dziwani kuti sanachite kumukomera mtima ayi, wakhoza ndithu. Yankho langa lalifupi ndi lakuti mutumizeni. Koma ine ndaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu zogonera konko, kuphatikizapo za mishoni, ndipo ndikuuzeni kuti zimene amalume akewo akuopa si zimene zimagwetsa ana kumeneko, chogwetsa ana ndi china ndipo ndifikako.

Tiyambe ndi za unsembezo. Amalumewo asokoneza zinthu ziwiri, sekondale ya Akatolika ndi seminale. Seminale ndiye kumene amatenga anyamata achikatolika amene akuganiza za unsembe, ndipo kumeneko sulowa ndi selekishoni ya boma, umadzera kwa abambo mfumu a parishi yako. Ku Zomba komweko seminale yaing'ono ndi Nankhunda, yaikulu ndi St Peter's, ku Mchinji kuli Kachebere. Zomba Catholic siili m'gulu limenelo. Ndi sekondale ya anyamata yolandira mwana wa mpingo uliwonse, wa CCAP, wa Anglican, wa Seventh Day, Msilamu, onse amakhala m'kalasi imodzi kulimbana ndi Masamu omwewo. Komanso unsembe wachikatolika si chinthu choti munthu angakukankhiremo ngati mbuzi m'khola, ngakhale amene akuufunawo amatha zaka zambirimbiri akuphunzira ndi kupimidwa, ambiri amabwezedwa panjira. Ndiye mwana wa CCAP akangodutsa pa geti asanduke bambo? Ayi amalume apume.

Mbiri yake ndiyofunika muidziwe chifukwa ndi imene imafotokoza chifukwa chake dzinali limalemera. Sukulu za mishoni m'dziko muno zinayamba cha m'ma 1875 ndi a Livingstonia, koma tinakhala zaka zoposa 60 opanda sekondale ngakhale imodzi. Boma la atsamunda nalo linachedwa, dipatimenti yake ya maphunziro inabwera mu 1926. Mwana wanzeru akamaliza pulayimale ankangokhala mphunzitsi wa m'mudzi kapena kalaliki wa mzungu, amene anali ndi mwayi ankapita kunja kukapitiriza. Sekondale yoyamba inatsegulidwa mu 1940, Blantyre Secondary School, ndipo inali m'manja mwa mipingo ya Chipulotesitanti. Nthawi imeneyo mpikisano wa mipingo unali wotentha, osati za lero zodyera limodzi pa maliro izi, ndiye Akatolika sakanangokhala chete ana awo anzeru azikaphunzira kwa anzawo. Mu 1942 anatsegula yawo ku Zomba, komwe kunali likulu la dziko. Ya boma yeniyeni, Dedza, inadza mu 1951. Ndiye tangoganizani, dziko lonse la Nyasaland masekondale atatu okha, mwana wolowa mu imodzi mwa zimenezi mudzi wonse unkadziwa. Ndipo dzina loti Box 2 langochokera pa keyala ya ku positi ofesi, monga a ku Dedza amadzitcha Box 48, mpaka lero madoda a imvi akakumana pa ukwati amayamba kunyozana ndi manambala amenewa ngati ana.

Kumbali ya Akatolika, chigawo cha kummwera nthawi imeneyo chinali m'manja mwa ansembe a Montfort, aja anafika kwanu komweko ku Nzama mu 1901, ndiye mukuona kuti nkhaniyi siili kutali ndi Ntcheu. Kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 sukuluyi inaperekedwa kwa Abulazala a Marist amene anali atafika m'dziko muno mu 1946 nakhazikika ku Mtendere ku Dedza. Apa mumvetse, bulazala si wansembe. Sachita Misa, salapitsa, iye analumbira kukhala osakwatira, wosauka ndi womvera, ndipo ntchito yake ndi choko basi. Gulu lawo analiyambitsa wansembe wa ku France, Marcellin Champagnat, pa 2 Januwale 1817 m'mudzi wa La Valla. Chinamukhudza ndi chakuti anaitanidwa kwa mnyamata wina amene anali kumwalira, ndipo anapeza kuti mnyamatayo sadziwa kanthu za Mulungu chifukwa kumudziko kunalibe womuphunzitsa. Iye anayamba ndi anyamata awiri okha. Anamwalira mu 1840, Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamutcha woyera mu 1999, ndipo pa 6 Juni ndi tsiku lake, m'sukulu za Marist limakhala tsiku la chisangalalo, ana amalikumbukira makamaka chifukwa cha mpunga ndi nyama kunena zoona. Chiphunzitso chake chachikulu chinali chakuti ukafuna kuphunzitsa ana uyambe wawakonda, ndipo uwakonde onse mofanana, komanso mphunzitsi azikhala pakati pa anawo osati kungolowa m'kalasi n'kuthawa. Abulazala omwewa ndi amene mumawamva ku Likuni Boys, ku Marist ya ku Mtendere, ngakhale ku Chassa uko kummawa kwa Zambia. Masiku ano abulazala ndi ochepa ndipo ambiri ndi Amalawi anzathu, aphunzitsi ochuluka ndi anthu wamba a mabanja awo, ena si Akatolika n'komwe.

Anthu odutsa pa Box 2 ndi ambiri moti sindingawerenge, koma poti ine ndinali wa Chingelezi ndimakonda kutchula awiri, Jack Mapanje ndi malemu Steve Chimombo, alakatuli amene dzina lawo linafika kunja. Onse anaphunzira pamenepo ndipo onse anadzaphunzitsa ku Chancellor College mu Zomba momwemo.

Nanga za mapemphero zikhala bwanji? Apa sindikunamizani, sukulu ya Akatolika ndi ya Akatolika. Mwana wanu adzaona mtanda m'kalasi, adzamva Tikuoneni Maria, pa asembule adzapemphera, ndipo Misa ya sukulu yonse monga yotsegulira chaka amayembekezeka kukhalapo mwaulemu. Ukaristiya sangalandire ndipo palibe amene adzamuuze kuti alandire, nthawi imeneyo iye amangokhala pa benchi. Kubatizidwa kapena kusintha mpingo si nkhani yochitika mwangozi, pamafunika maphunziro a nthawi yaitali ndipo kwa mwana wamng'ono chonchi makolo sangalambalalidwe. M'masekondale athu ana achikatolika amakhala ndi gulu lawo la mapemphero lotchedwa YCS, a mipingo inayi amasonkhana m'gulu lawo lotchedwa SCOM, ndipo ine ndaona ana a CCAP akubwerako ku sukulu za mishoni ali a CCAP kuposa mmene anapitira, chifukwa ukakhala pakati pa anthu osiyana nawe m'pamene umayamba kufunsa kuti kodi ife timakhulupirira chiyani. Tsiku lokamusiya mufunseni ahedi kapena abodingi masitala kuti Lamulungu ana a mipingo ina amapemphera kuti ndipo amatuluka motani, ndi funso labwinobwino, amalimva chaka chilichonse.

Tsopano za kalasi. Zomba Catholic ili m'gulu la sukulu zija mwini wake ndi mpingo koma boma limathandiza, limatumizako ana kudzera mu selekishoni ndipo silabasi ndi ya boma yomweyo. Buku la Bayoloje limene akuwerenga ku Box 2 ndi lomwelo akuwerenga ku CDSS ya kwanu, mayeso ndi a MANEB omwewo, JCE mu Fomu 2 (inachotsedwa kwa zaka zingapo koma inabwereranso mu 2021) ndi MSCE mu Fomu 4. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 walakwa. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndiye mukamva kuti mwana wapeza 6 points ndiye kuti wamenya 1 mu onsewo. Kuti aganiziridwe ku ma yunivesite a boma, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI kapena MUST, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi ndipo Chingelezi chikhalemo, mwana akhoza kukhala chimphona pa Fizikisi koma Chingelezi chikamupatsa 7 zonse zaima. Zotsatira zikamatuluka dzina la Zomba Catholic limamveka kawirikawiri pakati pa sukulu zochita bwino, limodzi ndi zinzake za mishoni.

Anthu amaganiza kuti pali mankhwala. Palibe, pali zinthu zitatu zimene ine ndinaziona ndi maso. Choyamba ana ake ndi osankhidwa kale, mwatenga ma namba wani a m'mapulayimale osiyanasiyana n'kuwatsekera mumpanda umodzi, ngakhale mphunzitsi atadwala sabata yonse iwo aphunzitsana okha. Chachiwiri ndi nthawi. Mwana wogona pakhomo akaweruka amakatunga madzi, amatumidwa kuchigayo, magetsi azima, kubwera alendo achoke pa mpando, pamene wa ku bodingi madzulo aliwonse ali pa desiki nthawi ya pulepu kaya akufuna kaya sakufuna, muwerengetse maola amenewo kwa zaka zinayi muone. Chachitatu, pa sukulu ya mishoni mwini wake amagona pompo. Mphunzitsi akajomba pali wina amene aona ndipo afunsa, zenera likasweka pali wina amene zimamupweteka. Zikuoneka zazing'ono koma ndi zimene zimasowa m'malo ambiri.

Ndiye apa m'pamene pali chimene ndinati muope. Mwana wanu kwawo ndi namba wani, mwina kuyambira sitandade 3, aphunzitsi amamutchula pa asembule, kutchalitchi amamupatsa kuwerenga mawu. Akafika kumeneko apeza kuti aliyense pa hositelo anali namba wani kwawo, ndipo pakutha pa teremu wina ayenera kukhala wotsiriza. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsako, sinditchula dzina, tinali ndi kamnyamata kochokera kumudzi, kanzeru koopsa pa Masamu koma Chingelezi cholankhula chinali chovuta chifukwa kwawo ngakhale phunziro la Chingelezi ankalifotokoza m'Chichewa. Sabata yoyamba kanayankha funso m'kalasi, anzake a m'tauni anaseka katchulidwe kake, basi kuyambira tsikulo pakamwa anatseka. Teremu yoyamba anatuluka namba 50 chakuti. Atabwera kuholide ndinaona kuti wasiya kubwera ku dayiningi masana, tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa labu atakhala pa njerwa, lipoti lake alipinda kanayi lili m'sokosi, kwawo sanalionetse, anawauza kuti sukulu sinapereke. Ndinamufunsa kuti bwanji, akuti bambo anagulitsa mbuzi ziwiri ndiye ndikawauza chiyani. Mwana ameneyu sanali wopusa ngakhale pang'ono, tinangomupatsa timabuku ta nthano kuti aziwerenga mokweza kawiri pa sabata, pofika Fomu 3 anali m'gulu la khumi oyambirira. Koma ena ofanana naye amene palibe anawaona anayamba kudumpha mpanda, ena kudalira likasa, ena kungodwaladwala kuti abwerere kwawo. Ndiye amayi, lipoti loyamba likabwera ndipo namba yake ndi yoti simunaionepo, chonde musayambe ndi "takulipirira ndalama zonsezi". Muyang'ane mamakisi a phunziro lililonse osati nambayo, mumufunse kuti ndi phunziro liti likuvuta, ndipo mumuuze asanapite n'komwe kuti kukhala namba 30 pakati pa ana oterowo si manyazi.

Moyo wa tsiku ndi tsiku m'sukulu zogonera konko ngati imeneyi umayendetsedwa ndi belu. Kudzuka kusanache bwino, kuyala bedi, kusesa kapena kukolopa gawo lako, kusamba, phala, asembule, makalasi, nsima, masana masewero kapena makalabu kapena ntchito za manja, madzulo pulepu, kenako magetsi azimitsidwa. Loweruka kuchapa ndi zisangalalo pang'ono. Mwana amene pakhomo amachapiridwa ndi kuyalidwira amavutika masabata oyamba kuposa amene amavutika ndi Kemisitile, ndiye masiku atsalawa musiyeni achape yekha malaya oyera, asite, asoke batani. Zakudya musayembekezere za hotela, chakudya cha ku bodingi m'Malawi muno ndi nsima ya mgaiwa ndi nyemba, kabichi, nyama kapena mpunga mwa apo ndi apo, ndipo palibe amene anadutsa ku bodingi osakumanapo ndi nankafumbwe akuyandama pa msuzi, timangomukankhira pambali ndi supuni n'kupitiriza. Ndiye kamba amathandiza, chiponde, shuga, mtedza wokazinga, kabotolo ka tsabola, koma muone kaye kalata ya sukulu chifukwa zina amaletsa. Musamupatse zambiri zoti adzitchuka nazo, mwana wa Fomu 1 wokhala ndi sutukesi yodzadza mabisiketi amapeza abwenzi ambiri sabata yoyamba ndipo yachiwiri alibe bisiketi alibe bwenzi.

Za tizingi sindingakuuzeni kuti ndi nthano, ndi khalidwe limene lakhalapo m'sukulu zogonera konko m'dziko muno, za boma, za mishoni ndi za pulaiveti zomwe, makamaka ma fomu thuu amene angochoka kumene pa moto ndi amene amavuta. Malamulo amaletsa ndipo wopezeka akhoza kupatsidwa sasipenshoni kapena kuchotsedwa kumene, ndipo m'kuona kwanga sukulu za mishoni sizinyengerera pa nkhani imeneyi. Zambiri zimakhala zotumana, kanditungire madzi, tayimba nyimbo, tipatseko shuga. Mumuuze kusiyanitsa, zachibwana azingoseka n'kudutsa, koma wina akamumenya, kumulanda ndalama, kumudzutsa usiku kapena kumugwira mosayenera akanene tsiku lomwelo kwa abodingi masitala, kwa mphunzitsi wa kalasi yake kapena kwa bulazala, asadikire holide. Anyamata amaopa kutchedwa kazitape, ndiye mumuuze inuyo ndi pakamwa panu kuti kunena zoterezi si ukazitape. Ndipo inu mukamuimbira kapena kukamuona musafunse kuti "uli bwino?" chifukwa ayankha kuti eya basi, mufunseni amene amagona naye pafupi ndani, dzulo anadya chiyani, ndowa yake ikadalipo, mayankho a zimenezo ndi amene amaulula.

Zomba payokha ndi tauni yoti mwana wasukulu imamukomera. Inali likulu mpaka 1975, yadzadza mitengo ndi nyumba zakale, phiri lili pamwamba pako tsiku lonse, University of Malawi ili pompo moti mwana amaona ndi maso kumene akulowera, ngakhale likulu la MANEB lili konko, ana amachita nthabwala kuti mayeso amachokera kuseri kwa mpanda. Kulinso St Mary's, sukulu ya atsikana ya Akatolika, ndipo ndisakubisireni, pofika Fomu 3 dzina limeneli mudzalimva pakhomo panu. Musadzadzidzimuke, kukumana kwawo kumakhala pa ma dibeti, kwaya, masewero, pamaso pa aphunzitsi, ndipo kwa anyamata okhala okhaokha chaka chonse ndi bwino aziphunzira kulankhula ndi atsikana ngati anthu. Chimenechi ndiye chofooka cha sukulu za anyamata okha m'maganizo anga, ena amatuluka ndi 9 points koma kupereka moni kwa mtsikana thukuta kamukamu, akafika ku koleji ufulu umawapweteka. Holide muzimusiya acheze ndi alongo ake ndi asuweni, aziphika nawo, asamakhale bwana wobwera ku Box 2.

Za pulaiveti ya pafupi ija, zilipo zabwino sindikana, ndipo kukanakhala kuti mwana ali ndi matenda ofuna diso lanu tsiku ndi tsiku ndikanalankhula zina. Koma zaka 13 ndi msinkhu umene anzake ambiri a Fomu 1 adzakhale nawo, ena ochepera apo, onse adzalira usiku woyamba atafunda bulangete kumutu ndipo m'mawa adzakana. Malo a selekishoni mukawasiya pali ana ambirimbiri amene akuwadikira, kuwapezanso n'kovuta, pamene pulaiveti chaka chamawa idzakhala ilipobe ndipo idzakulandirani ndi manja awiri.

Fizi ndi katundu wofunika tsatani zimene zalembedwa m'kalata ya sukulu, ndalama mukalipire ku akaunti ya sukulu yolembedwa m'kalatamo ndipo risiti musunge, nyengo ya selekishoni kumachuluka akamberembere oyimba foni kuti ndife a ku sukulu tumizani pa nambala iyi. Foni ya m'manja musamubisire m'sutukesi, ikagwidwa mlandu ndi wake. Chilichonse mulembe dzina, yunifomu, ndowa, mbale, nsapato mkati, ngakhale kabudula wamkati, ndipo loko mugule wa makiyi atatu, imodzi ikhale kwa inu chifukwa yoyamba itayika mwezi usanathe. Neti ya udzudzu ndi buku lake la kuchipatala zisatsale, ngati ali ndi chifuwa cha mphumu kapena mankhwala amene amamwa muwauze a sukulu tsiku loyamba lomwelo. Juzi yokhuthala muikemo, inu a ku Ntcheu kuzizira mumakudziwa, Zomba mwezi wa Juni ndi Julayi m'mawa madzi a pa mpopi amaluma chimodzimodzi. Ndipo ngati amalume aja ali ndi mpata atengeni tsiku lokamusiya, anyamule sutukesi, akaone okha ma fomu folo akuthamangira ku labu ndi mabuku kukhwapa, pobwerera mu minibasi mudzandiuza zimene azidzalankhula.